Lipoti la nkhani: chithupsa chobisala m'thonje pa kafukufuku wa kutupa m'makoswe

Mwachidule

Lipotili ndi la makoswe oyera a mtundu wa Wistar amene anali m'kafukufuku woyesa ngati madzi a makungwa a mtengo wina amachepetsa kutupa kokhalitsa. Anatsata njira yakale ija yoika kambulu ka thonje pansi pa khungu, kudikira sabata imodzi, kenaka kuchotsa thonjelo ndi kuyeza kulemera kwa mnofu umene wamera molizungulira. Pa tsiku la 5 khoswe mmodzi wa m'gulu losalandira mankhwala anadwala, ndipo tinapeza kuti thonje lake lasanduka chithupsa. Pa tsiku la 8 anzake awiri a m'khola lomwelo anapezekanso ndi mafinya, chonsecho kunja ankaoneka bwinobwino. Mafinya akauma amalemera pa sikelo chimodzimodzi ndi mnofu. Motero gulu losalandira mankhwalalo, limene ndi loyerekezera nalo magulu enawo, linaoneka lotupa kuposa momwe linalili, ndipo makungwa aja anatamandidwa pa ntchito imene palibe anaiona.

Ndine dokotala wa ziweto, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuyang'anira nyumba yosungira nyama za kafukufuku kuno ku Lusaka. Malo athu, wophunzira mwini kafukufukuyu ndi mtengowo sinditchula maina awo, poti ntchito yake ikadali m'njira. Ndikulembera anzanga a m'malabu, ophunzira a pharmacology ndi aphunzitsi awo, makamaka amene amalandira tebulo la manambala osalionako thonje lenilenilo.

Zimene thonje limachita m'thupi la khoswe

Njirayi inayamba kulembedwa ndi Meier ndi anzake mu 1950, ndipo ambiri lero amatsata momwe Winter ndi Porter anaikonzera mu 1957. Ophunzira amaikonda pa zifukwa zomveka. Sifuna makina odula. Sikelo yabwino, uvuni ndi dzanja losanjenjemera n'zokwanira.

Thonje ndi cellulose, ndipo maselo a khoswe alibe enzyme yoligayira. Thupi likalephera kuchotsa chinthu chachilendo limangochitsekera m'kati mwa mnofu watsopano. Swingle ndi Shideman, mu 1972, anagawa zochitikazi patatu. M'maola 3 oyambirira thonje limangomwa madzi. Kuchokera apo mpaka maola 72 timitsempha ta magazi timachucha madzi odzaza mapuloteni, ndipo ma neutrophil, maselo oyera a m'magazi olimbana ndi mabakiteriya, amakhamukira pamalopo. Kuyambira tsiku la 3 mpaka la 6 ndi nthawi yomera mnofu. Ma macrophage, maselo oyera aakulu omeza zinyalala, amalowa m'malo mwa ma neutrophil n'kudya zakufa zonse. Ena mwa iwo, poona kuti ulusi wa thonje wawakulira, amaphatikana kukhala selo limodzi lalikulu la ma nucleus ambiri limene limaukumbatira ulusiwo. Ndi ma macrophage omwewa amene amaitana ma fibroblast, maselo oluka collagen (ulusi wolimbitsa mnofu), komanso timitsempha tatsopano todyetsa mnofuwo. Chotupa cholimba chimene chimatuluka pamapeto pake ndiye granuloma.

Kusiyana kwa ntchito ya maselo awiriwa kunaoneka bwino pa zimene Russell Ross ndi anzake anachita ku Seattle ndi mbira za mu labu. Mu 1972 iye ndi Simpson anachotsa ma neutrophil m'magazi a mbirazo, ndipo zilonda zinapola monga mwa nthawi zonse malinga ngati simunalowe mabakiteriya. Mu 1975 iye ndi Leibovich anachepetsa ma macrophage, ndipo zilonda zinachedwa kuyera, ma fibroblast nawo anachedwa kufika. Choncho womanga mnofu ndi macrophage. Neutrophil ndi wa nkhondo ya masiku oyamba, ndipo ukampeza atadzazabe pa thonje patatha sabata, dziwa kuti pali chimene akulimbana nacho.

Pa tsiku lomaliza thonje amaliyeza kawiri: lili lonyowa, ndiponso litauma mu uvuni wa 60°C kwa maola 24. Pa kulemera koumako amachotsapo kulemera kwa thonje lopanda kanthu, ndipo chotsalacho amachilemba kuti ndi granuloma. Apa ndi pamene njirayi ili ndi chibowo. Uvuni umachotsa madzi okha. Maselo akufa, fibrin (puloteni youndanitsa magazi) ndi mabakiteriya zimatsalira momwemo, ndipo sikelo imaziwerengera pamodzi ndi collagen.

Momwe kafukufukuyu anakonzedwera

Panali makoswe aamuna 24, olemera cha m'ma 200 g, ogawidwa m'magulu 4 a makoswe 6. Gulu loyamba linkalandira dexamethasone, mankhwala odziwika kuti amafooketsa granuloma kwambiri. Lachiwiri ndi lachitatu ankalandira madzi a makungwa, lina pang'ono lina ochuluka. Lachinayi linkalandira madzi wamba. Zonsezi ankawamwetsa kamodzi pa tsiku ndi kachubu kolowetsa kummero. Khoswe aliyense anagonetsedwa ndi ketamine wosakaniza ndi xylazine, n'kumuika timibulu 2 ta thonje ta 20 mg, kena m'mphechepeche mwa kumanja kena mwa kumanzere, n'kusoka ndi ulusi. Pothetsa ululu analandira buprenorphine, poti mankhwala a ululu onga meloxicam akanasokoneza kutupa komwe kunkayezedwako. Komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku inali itavomereza dongosolo lonse.

Zinthu ziwiri za m'dongosololi zidzabweranso kutsogoloku. Gulu lililonse linali m'khola lakelake. Ndipo opaleshoni inachitika gulu ndi gulu tsiku limodzi, kuyambira la dexamethasone m'mawa mpaka la madzi wamba chakumadzulo.

Unali mwezi wa October, nthawi ya kuzimazima kwa magetsi kumene kunadza ndi chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba. Makoswe amafuna chipinda cha pakati pa 20°C ndi 26°C, pamene masana a October ku Lusaka amadutsa 30°C mosavuta. Tinkapulumukira pa kutsegula mawindo a sefa, kuchepetsa makoswe pa shelefu ndi kusintha utuchi pafupipafupi kuti fungo la mkodzo lisawapweteke m'mapapo.

Tsiku la 5

Amene anaona vuto ndi bambo wathu wosamalira makoswe, mkulu wochokera cha ku Katete amene wakhala pa ntchitoyi kuposa tonsefe. Anandipeza m'khonde n'kunena kuti, "Adokotala, tabwerani mudzaone uyu wa m'khola lomalizira. Chakudya sanachikhudze, ndipo akulira magazi."

Zofiira za m'maso mwa khoswe si magazi. Ndi porphyrin, utoto wofiira wochokera ku Harderian gland imene ili kuseri kwa diso. Khoswe wathanzi amamupukuta podzisamalira, koma wodwala kapena wopanikizika amamutulutsa wambiri n'kusiya kudzipukuta, ndiye amaumira m'mbali mwa maso ndi pamphuno. Sanena matenda ake, amangonena kuti zinthu sizili bwino.

Khosweyo tinampeza atakhwinyata pakona, ubweya uli nyankhalala, anzake akumupondaponda popita ku botolo la madzi. Maso anali otsinzina pang'ono, masaya ataphwa, makutu atapindikira kunja, ndevu zitaima m'timagulu. Izi ndi zizindikiro zinayi za ululu za pa Rat Grimace Scale, imene inatuluka mu 2011 kuchokera ku McGill University ku Montreal, ndipo ndimafuna wophunzira aliyense azidziwe asanagwire khoswe. Pa sikelo anali atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake kwa tsiku la opaleshoni. Kupuma kunali koyera, kopanda kufwenthera kumene Mycoplasma pulmonis amabweretsa, ndipo khosi silinali lotupa.

M'mphechepeche mwa kumanja munali kachotupa kolimba, koyenda pansi pa chala, monga momwe granuloma ya tsiku la 5 iyenera kukhalira. Kumanzere kunali zina. Chotupa chinali chachikulu mwina kawiri, chotentha, chofewa pakati, ndipo nditangochikhudza khosweyo analira n'kupinda mwendo. Ulusi umodzi unali utasowa, m'mbali mwa bala muli nkhanambo yonyowa.

Ndinaganizira zinthu zinayi: madzi ongodzikundikira pansi pa khungu, magazi oundana, chithupsa, kapena kuvulala kwa kummero ndi kachubu komwetsera kaja. Chomalizachi chimachitika kawirikawiri kwa ophunzira atsopano, koma chimatupitsa khosi kapena m'khwapa ndipo khoswe amabanika, zomwe apa panalibe. Zitatu zinazo singano ndiyo inaweruza. Tinamugonetsa pang'ono, ndipo nditabaya n'kukoka, munatuluka mafinya olimba, oyera mopita ku chikasu, ovuta kudutsa m'singano. Pa kagalasi, titapaka utoto wa Gram, munadzaza ma neutrophil ophwanyika ndi timabakiteriya tobulungira ta mtundu wa Gram positive, tounjikana m'timagulu, tina tili m'kati mwa maselo.

Tinatenganso dontho la magazi ku mchira. Pano ophunzira amene anazolowera magazi a munthu amasokonezeka. Mwa munthu wamkulu maselo oyera ochuluka ndi ma neutrophil, koma mwa khoswe wathanzi ochuluka kwambiri ndi ma lymphocyte, ndipo ma neutrophil ndi ochepa. Mwa khoswe wathuyu ma neutrophil ndi amene ankalamulira pa kagalasi, ndipo ambiri anali anthete, osakhwima. Wophunzira uja atasuzumira anati, "Ba Doc, koma awa magazi aoneka chabe bwino." Akanakhala magazi a munthu akanakhozadi.

Chigamulo ndi zimene tinapeza titatsegula

Wophunzirayo ankafuna timubaye mankhwala opha mabakiteriya kuti afike tsiku la 8, gulu lisaperewere. Ndinakana. Chithupsa chokhala ndi chinthu chachilendo m'kati sichimva mankhwala mpaka chinthucho chitachoka. Ndipo khoswe wobayidwa mankhwala ena salinso wa gulu la madzi wamba, ngakhale dzina lake litatsala pa tebulo. Kumusunga kukanangomutalikitsira ululu popanda phindu lililonse. Tinamupha tsiku lomwelo ndi mankhwala ogonetsa opitirira muyeso.

Kumanzere thonje linali kuyandama m'thumba la mafinya, osagwirana ndi mnofu mbali iliyonse. Khoma la thumbalo linali lochindikala ndi lofiira. Mwanabere wa m'mphechepeche anali wotupa, kapamba atakula pang'ono. Mapapo, chiwindi ndi impso zinali zoyera, ndipo ichi chinatithandiza kuchotsapo Corynebacterium kutscheri, amene mwa makoswe amakonda kusiya timadontho toyera m'mapapo. Kummero kunalibe bala.

Mafinya titawafesa pa blood agar, mbale yomeretsera mabakiteriya, m'mawa mwake munamera timagulu ta mtundu umodzi wokha, tachikasu chowala, tosungunula magazi m'mbali mwake. Mayeso a catalase ndi coagulase ozindikirira bakiteriya onse anavomera, ndipo pa mannitol salt agar mbale inasanduka yachikasu. Anali Staphylococcus aureus.

Makoswe 23 otsalawo ndinawalola kupitiriza, koma ndi malamulo atatu. Aziyang'aniridwa m'mawa ndi madzulo. Pa tsiku lomaliza thonje lililonse lidulidwe pakati lisanalowe mu uvuni. Ndipo la mbali imodzi mwa khoswe aliyense lipite mu formalin, mankhwala osungira mnofu kuti usaole, ndi nambala yobisika, kuti woliona pa maikulosikopu asadziwe gulu lake.

Tsiku la 8

Granuloma yabwino ya sabata imodzi imasangalatsa kuichotsa. Imakhala yolimba, yotuwa mofiirira, yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kokhala ndi timitsempha toonekera, ndipo ukaitsata bwino ndi sizasi yosathwa kunsonga imatuluka yathunthu ngati nzama m'khoko mwake. Ukaidula, mpeni umamva kulimba kunja, ndipo m'kati ulusi wa thonje umaoneka wonyowa koma woyera, wogwirana ndi mnofu mwakuti suchoka popanda kung'amba. Za m'gulu la dexamethasone zinali zazing'ono, kachikopa kake kopyapyala moti thonje linkaonekera, ndipo thymus ya makoswe amenewo, kachiwalo ka m'chifuwa ka chitetezo cha thupi, inali itafota. Dexamethasone anachita zimene amadziwika nazo, kusonyeza kuti njira yokhayo inali kuyenda.

M'gulu la madzi wamba munatsala makoswe 5. Atatu anali ndi granuloma zoyera mbali zonse. Awiri enawo, amene sabata yonse ankadya ndi kuthamanga ngati anzawo, anali ndi zotupa zokulirapo, zolimba kunja ndithu, zoti munthu wothamangira ku uvuni sakanazikayikira. Mpeni utangolowa, pakati panatumphuka mafinya. Mmodzi anali nawo mbali zonse ziwiri. Tinafesanso, ndipo anamera Staphylococcus aureus yemweyo. M'makola atatu enawo simunapezeke mafinya ngakhale m'thonje limodzi.

Pa maikulosikopu, ndi utoto wa haematoxylin ndi eosin, kusiyanako kunali kosabisika. M'granuloma yoyera ulusi uliwonse wa thonje unali ndi maselo aakulu aja ataumatirira, pakati pa ulusi pali ma macrophage ndi ma fibroblast atalitali, ndi timitsempha tatsopano tolowera m'kati kuchokera kunja. Ma neutrophil anali apa ndi apo. Ukaika kuwala kwa polarised, ulusi wa thonje umawala wokha pa mdima, ndipo umatha kuona bwino pamene mnofu wafika ndi pamene sunafike. M'zamafinya zija pakati ponse panali bwinja la ma neutrophil akufa, muli timilu ta mabakiteriya, ulusi wa thonje uli pawokha popanda selo lamoyo louyandikira. Collagen, amene utoto wa Masson umamuonetsa wobiriwira, anali ataunjikana kunja kokha monga khoma lotsekera mafinya.

Tsono tinawerengera kawiri. Titaphatikiza thonje lonse monga momwe dongosolo loyamba linkanenera, gulu la madzi wamba linalemera kwambiri, ndipo magulu onse a makungwa anaoneka kuti achepetsa kutupa, la mlingo waukulu n'kumayandikira dexamethasone. Limeneli ndi tebulo limene likanalowa m'lipoti la wophunzirayo, ndipo aliyense akanaliombera m'manja. Titachotsa makoswe a mafinya, kusiyana kwa gulu la mlingo waung'ono kunazimiririka, ndipo kwa mlingo waukulu kunatsala kochepa. Komanso pamenepo tinali tatsala ndi makoswe 3 okha oyerekezera. Wistar, chiyambire kuwetedwa ku Philadelphia mu 1906, ndi mtundu wa makoswe osiyanasiyana m'chibadwa, ndipo atatu sangaimire gulu. Kunena kuti makungwawo sagwira ntchito kukanakhala kulakwa kofanana ndi kunena kuti amagwira. Kafukufukuyu sanayankhe funso lake.

Mabakiteriyawa analowera kuti?

Aliyense analoza chala magetsi, ndipo nkhani yake inali yokoma kumva. Thonje la magulu atatu oyamba linaphikidwa mu autoclave, makina ophera mabakiteriya ndi nthunzi yotentha. La gulu lomaliza linaperewera, magetsi anali atapita, ndiye wophunzira anapota lina n'kuliphika mu pressure cooker pa chitofu cha gasi. Tepi ya pa botolo inasintha mtundu, iye n'kukhutira.

Kukayikira pressure cooker kuli ndi maziko. Muyeso wodziwika ndi 121°C kwa mphindi 15, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere zimenezi zimatheka mphamvu ya nthunzi m'mphikamo ikafika pa 15 psi. Koma Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, pamene madzi amawira cha pa 96°C, ndipo mphika wa 15 psi kuno umathera cha pa 118°C kapena 119°C. Tepi nayo imangonena kuti botolo linatenthedwa, sinena kuti zonse za m'kati zafa. Chotsimikizira chenicheni ndi kachubu ka ma spore (timbewu ta mabakiteriya tovuta kupha ndi kutentha) a Geobacillus stearothermophilus, kophikira limodzi ndi zidazo. Aliyense wophika zida mu mphika kuno ayenera kuwonjezera nthawi, ndiponso asamange chivindikiro cha botolo, nthunzi ilowe.

Komabe nkhani ya mphikayo sinagwirizane ndi bakiteriya amene tinapeza. Zopulumuka pa kuphika koperewera ndi zokhala ndi ma spore, monga Bacillus ndi Clostridium. Staphylococcus aureus alibe spore, ndipo amafa madzi asanawire n'komwe. Mwamwayi m'botolo lachiwirilo munali mutatsala timibulu tingapo. Tinatiponya mu msuzi womeretsera mabakiteriya, ndipo patatha masiku angapo msuziwo sunali mbuu ayi, unali woyera monga tinauikira. Thonje linalowa m'chipinda cha opaleshoni lili laukhondo.

Yankho linali m'buku la opaleshoni ndi m'zimene bambo wathu uja anaona. Makoswe onse anametedwa dzulo lake ndi lezala. Lezala imasiya timabala tosaoneka, ndipo pofika mawa lake mabakiteriya a pakhungu amakhala atachulukana m'menemo. Zida zinali seti imodzi ya makoswe 24, yongopukutidwa ndi sipiriti pakati pa khoswe ndi mnzake, ndipo sipiriti wongopukutira pa chida chamagazi sayeretsa mokwanira. Pofika gulu lomaliza kunja kunali kutada, ntchito inkachitika ndi tochi ya pafoni, ndipo dzanja limodzi lomwelo la golovesi linkagwira foni, khoswe ndi forceps. Bala linadulidwa pamwamba penipeni pa thonje, mwakuti ulusi wosokera unkakhudzana nalo. Bambo aja anawonjezera okha kuti, "M'khola limenelo anyamatawa ankalumana usiku, ulusi ankadulana okha." Staphylococcus aureus amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ndi makoswe omwe, ndipo njira zonsezi zinali zomutsegukira. Kuweruza kwanga n'kwakuti analowa pa nthawi yoika thonje, ndipo mabala otseguka anangowonjezera.

Wina angafunse kuti, makoswe si aja amadziwika kuti sagwidwa mafinya wambawamba? Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa ophunzira ambiri kuona ukhondo wa opaleshoni ya khoswe ngati mwambo chabe. Koma pakalowa chinthu chachilendo masamu amasintha. Mu 1957, ku London, Elek ndi Conen anabaya Staphylococcus aureus m'khungu la anthu odzipereka. Kuti patuluke mafinya pankafunika mabakiteriya oposa 1 miliyoni, koma pamene panali ulusi wosokera wa silika, pafupifupi 100 okha anakwanira. M'zaka za m'ma 1980 Zimmerli ndi anzake anaonetsa chifukwa chake pa mbira: neutrophil akakumana ndi chinthu chimene sangathe kuchimeza amakhuthulira zida zake pa icho, ndipo bakiteriya akamafika amampeza atatheratu mphamvu. Kambulu ka thonje ka 20 mg ndi ulusi wosawerengeka wopiringizana, wodzaza timipata tobisalamo. Pa njira zonse zoyesera kutupa, iyi ndi imodzi mwa zosakhululuka pa ukhondo.

Cholakwika chachikulu pa zonsezi, kwa ine, si lezala kapena tochi. Ndi kuchita opaleshoni gulu ndi gulu. Makoswe akanasakanizidwa, mafinya akanagwera m'magulu osiyanasiyana, manambala akanangobalalika, ndipo wina akanafunsa chifukwa chake. Koma poti kutopa, mdima ndi zida zakuda zonse zinagwera gulu limodzi, ndiponso gulu loyerekezera, vutolo linavala nkhope ya zotsatira zabwino.

Za kuonda kwa gulu la mlingo waukulu

Pali chinthu china chimene chinaonekera titayang'ana buku la sikelo. Makoswe a mlingo waukulu wa makungwa sanakwere thupi sabata yonse, pamene makoswe aamuna a msinkhu umenewu amayenera kunenepa tsiku ndi tsiku. Chakudya chinkatsala m'khola mwawo. Makungwa ambiri ali ndi tannin wochuluka, amene amamanga m'kamwa ndi kusokoneza kugaya kwa mapuloteni. Khoswe wosadya bwino saluka collagen wambiri, ndipo khoswe wopanikizika amatulutsa corticosterone, steroid wakewake wa m'thupi, amene amafooketsa granuloma mofanana ndi steroid wochita kumwetsedwa. Ndiye ngakhale kusiyana kochepa kumene kunatsala kuja kungakhale kwa njala osati kwa mankhwala. Aliyense wolemba kuti chomera chachepetsa granuloma azionetsa pambali pake kulemera kwa makoswe ndi kwa thymus yawo. Ndikaona tebulo lopanda ziwirizi ndimalibweza.

Zimene zasintha m'dongosolo

Makoswe tsopano azigawidwa m'magulu mwa maere, ndipo dongosolo la opaleshoni lizisakaniza magulu, wochita opaleshoni osadziwa kuti amene ali patebulo adzamwa chiyani. Kumeta kuzichitika ndi makina, khoswe atagona kale, khungu n'kutsukidwa ndi chlorhexidine kapena povidone iodine. Zida zikhale maseti angapo ophikiratu, pasapitirire makoswe ochepa pa seti imodzi, ndipo wogwira zida asagwirenso china chilichonse. Bala lizidulidwa pamsana, n'kuboola njira pansi pa khungu kuti thonje likakhale patali ndi posokapo, ndipo potseka tigwiritse ntchito timawaya tomanira khungu timene makoswe satha kudula. Opaleshoni iziyamba m'mawa ndi kutha dzuwa likadalipo. Ngati sizikwana tsiku limodzi, tsiku lililonse likhale ndi makoswe a magulu onse anayi.

Lamulo lochotsera khoswe m'kafukufuku lalembedwa ntchito isanayambe, monga momwe malangizo a ARRIVE a 2010 a kalembedwe ka malipoti a kafukufuku wa pa nyama, okonzedwanso mu 2020, amafunira: thonje lililonse lokhala ndi mafinya, kapena lomeretsa mabakiteriya, lichotsa khosweyo pa masamu, kaya ali m'gulu liti, ndipo chiwerengero cha ochotsedwa chilembedwe poyera. Izi n'zofunika chifukwa kuchotsa khoswe utaona kale manambala ndi khomo lina la chinyengo, ngakhale wochotsayo ali ndi mtima wabwino. Pambali pa kulemera kouma tawonjezera kuyeza hydroxyproline, amene amanena kuchuluka kwa collagen yeniyeni, ndi kuwerenga maselo pa kagalasi. Ndalama zikapezeka tidzawonjezera myeloperoxidase, woonetsa kuchuluka kwa ma neutrophil, ndi utoto wa CD68 wa ma macrophage.

Aphunzitsi a wophunzirayo anadandaula kuti zonsezi zikweza mtengo wa kafukufuku wa masters. N'zoona. Ndinawakumbutsa kuti Russell ndi Burch, polemba mu 1959 za kuchepetsa nyama zogwiritsidwa ntchito, ankanena za kupeza yankho lodalirika ndi nyama zochepa, ndipo ife tinali titangotha makoswe 24 popanda yankho. Tinagwirizana zochotsa gulu la mlingo waung'ono, n'kuika m'malo mwake gulu lomwa madzi wamba koma lopatsidwa chakudya chofanana ndendende ndi chimene gulu la makungwa ladya dzulo lake. Gulu limeneli ndi limene lidzalekanitse mphamvu ya makungwa ndi mphamvu ya njala. Dongosolo latsopanoli labwerera ku komiti, ndipo makoswe sadzaitanitsidwa mpaka chilolezo chitatuluka ndi kachubu ka ma spore katatsimikizira autoclave.